Kulapa kwa Mkazi Wanga

Mkazi wanga analapa komaliza kudzera pakamwa panga. Siziyenera kutero, ndipo ansembe sanafune. Koma tsiku limenelo m'mudzi munalibe Mkhristu wina wodziwa Chiyao.

Ndiyambire pa mwana, chifukwa nkhaniyi ndi ya iye.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Ndinatsikira kunyanja ndili mnyamata kudzafuna ntchito, ndipo ndinakwatira m'mudzi wina kuseri kwa Nkopola. Mudziwo unali wa Asilamu. Nyumba za Akhristu zinali zisanu zokha. Mkazi wanga anali mwana wa Msilamu. Analowa kalasi ya katekisimu zaka ziwiri, anabatizidwa, tinadalitsa ukwati. Abale ake sanabwere kutchalitchi, koma sanatithamangitse. Anatipatsa malo kumapeto kwa mudzi, kumene kumayambira minda.

Tinakhala zaka zitatu opanda mwana. Kenako ndinalembetsa kupita ku migodi ku Joni. Ndinanyamuka kumayambiriro kwa Epulo, chimanga chisanakololedwe. Kalata yoti kwabadwa mwana wamkazi inandipeza mu Malichi chaka chotsatira. Analemba ndi akatekisiti, poti mkazi wanga sankadziwa kulemba. Kalatayo inati mwana anabadwa mwezi watha. Ndinakhala pabedi m'komponi n'kuwerenga ndi zala. Ndinapeza miyezi khumi ndi masiku ena. Ndinawerenganso kuyambira chala chaching'ono. Chimodzimodzi.

Nditabwerako, apongozi anga aakazi anandiuza ndisanafunse kuti mimbayo inagona. Anati kunyanja zimachitika, mwamuna akapita kutali mwana amagona m'mimba. Akatekisiti anati sakukumbukira bwino. Kalata inakhala m'buku lawo la mapemphero masabata angapo asanakaiponye ku positi, ndipo tsiku sanalembe. Pa khadi la ubatizo panalembedwa chaka chokha cha kubadwa. Mkazi wanga sananene kanthu. Anangondipatsira mwanayo, ali ndi chaka ndi kanthu, akulira chifukwa sankandidziwa.

Sindinafunse. Zaka khumi ndi zitatu sindinafunse. Mwana wina sanabwere.

Mtsikanayo sindinamumenyepo. Zovala ndinkagula, yunifolomu ndinkagula, ndiwo zinkabwera panyumba. Koma sindinamunyamulepo paphewa. Ndinkamuitana kuti iwe. Nthawi zina akamadya ndinkayang'ana makutu ake, zala zake, mmene amakhalira pansi, kufunafuna chathu cha ku Ntcheu. Tsiku lina ndinkachiona, tsiku lina ayi. Iye anazolowera. Ankandipatsa madzi atagwada n'kuchoka msanga.

Ntchito ndinaipeza pa hotelo ina ya m'mbali mwa nyanja. Ndinkasonkha moto wa boyila kuti alendo azisamba madzi otentha. Inali ntchito ya munthu mmodzi, yosalankhula ndi aliyense. Inkandiyenera.

Mkazi wanga anayamba kudwala mvula itangoyamba. Miyendo inatupa, kenako mimba, kenako nkhope. Ndinapita naye kuchipatala ku boma la Mangochi kawiri. Ulendo wachiwiri anamugoneka masabata awiri, n'kutiuza kuti tipite naye kunyumba, mankhwala azikamwera komweko. Ndinamva chimene ankatanthauza.

Chichewa chake sichinali chambiri kuyambira kale. Chinali cha kumsika ndi cha mapemphero oloweza. Panyumba tinkalankhula Chiyao, chimene ine ndinachiphunzira kwa iye ndi kwa asodzi. Kulapa ankalapa m'Chiyao kwa ansembe achizungu okalamba amene anakhala kunyanja zaka zambiri. Iwowo anabwerera kwawo Pasaka itangotha, maso atawavuta. M'malo mwawo munabwera ansembe achinyamata a ku Dedza, amene Chiyao chawo chinkathera pa moni. Matenda atakula, Chichewa chochepa cha mkazi wanga chinathawiratu. Ukamulankhula m'Chichewa ankangokuyang'ana pakamwa.

Mlongo wake wamkulu, alamu anga, ndiwo anali eni mbumba. Anali msodzi, munthu wa nthabwala, wosajomba kumzikiti. Sitinkadana. Tsiku lina anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundiuza mosabisa. Anati mlongo wawo akapita, mwana ndi wa mbumba yawo, mwambo ndi umenewo. Adzamutenga, adzalowa madrasa pamodzi ndi ana awo, ndipo mwamuna adzamupezera ndi iwo. Anati ngati ine ndikufuna kukhala naye kuti apitirize za tchalitchi, ndidzanene pamaso pa anthu, iwo sadzalimbana nane.

"Koma alamu," anatero, "zaka zonsezi sitinakuoneni mukumufuna."



Nthawi imeneyo mtsikanayo anali m'kalasi ya ulimbitso. Loweruka lililonse ankayenda wapansi kupita ku tchalitchi chathu chaching'ono cha kunthambi, kabuku ka katekisimu kali m'manja. Ambuye Episkopi ankayembekezeka mu Julayi. Mayi ake ankafunitsitsa kuti alimbitsidwe. Ngakhale ali pamphasa ankamufunsa ngati waloweza zimene anawapatsa.

Ine pamoto wa boyila ndinkaganiza chinthu chimodzi. Ngati ndi wanga, ndimutenga. Ngati si wanga, apite kwa eni ake. Munthu wodziwa anali mmodzi, ndipo ankatha tsiku ndi tsiku.

Ndikanatha kumufunsa. Nthawi zambiri tinkakhala awiriwiri. Ndinkamutembenuza, ndinkamumwetsa phala, ndinkamusintha nsalu. Pakamwa sipankatseguka.

Lachitatu lina m'mawa anapempha ansembe. Ananena kawiri, momveka.

Linali tsiku lovuta. A Pulezidenti ankabwera ku boma kudzayendera mbewu. Malole anali pamsewu kuyambira m'mamawa, ndipo anyamata a chipani a malaya ofiira ankayenda nyumba ndi nyumba. Amayi onse otha kuyenda anakwezedwa kukavina. Ana a sukulu anatengedwa ndi aphunzitsi awo kukaima m'mbali mwa msewu, mtsikana wathu pamodzi nawo. Akatekisiti anapita, agulupa anapita. Kwathu anyamatawo analowa mpaka m'nyumba, anavundukula bulangeti, anaona miyendo, anatuluka. Ine anandisiya nditaonetsa khadi la chipani. Alamu anawauza kuti akudikira mlongo wawo atsirizike, nawonso anawasiya.

Ndinabwereka njinga ya alamu kupita ku parishi. Bambo mfumu anali atapita ku boma, poti akuluakulu a mipingo ankayenera kukaonekera. Ndinapeza ansembe achinyamata aja akupukuta njinga yawo yamoto. Anandifunsa ngati wodwalayo angafike mawa. Ndinati sindikudziwa. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi kachikwama, anati njinga yanga ndiisiye ndikwere kumbuyo kwawo. Msewu unali matope okhaokha. Padambo tinagwa. Mkanjo wawo woyera unada mbali imodzi kuyambira m'chiuno mpaka pansi, koma kachikwamako sanakataye.

Alamu anali pakhonde ndi amuna awiri achikulire. Anaimirira n'kupereka moni mwaulemu, m'Chichewa. Atamva kuti m'kachikwamamo muli mafuta, anafunsa ngati ndi omwe aja amati munthu akadzozedwa safika Lachisanu. Ansembe anati ena amachira.

"Ndiye mudzoze miyendo, Bambo, matenda ali kumiyendo," anatero alamu. "Ife ashehe athu amangopemphera. Mafuta timakazingira usipa."

Achikulire aja anaseka pang'ono. Ansembe anasekanso. Ine ndinalowa m'nyumba.

Vuto linaoneka nthawi yomweyo. Ansembe anagwada pambali pa mphasa n'kumulankhula pang'onopang'ono, mawu osavuta. Mkazi wanga anayang'ana ine. Ansembe anayesanso. Anandiyang'ananso, n'kunena m'Chiyao kuti ndiwauze akufuna kulapa, osati kudzozedwa kokha.

Ansembe anandifunsa kuti akatekisiti abwerako liti. Ndinati malole amabweza anthu dzuwa litalowa, nthawi zina mawa lake. Anafunsa za Akhristu a nyumba zina. Onse anali ku boma. Anati angathe kumupatsa chikhululukiro osamva tchimo ndi limodzi lomwe, mpingo umalola ngati palibe njira. Ndinamasulira. Mkazi wanga anapukusa mutu pamtsamiro. Anati nzeru zake zili bwinobwino, sakufuna kupita asanafunsidwe.

Kenako ansembe anati pali njira ina imene anawaphunzitsa ku seminale, koma iwo sanaiyesepo. Ine ndikhale pansi nditayang'ana khoma, msana kwa iwo. Iwo agwira dzanja la wodwala. Azifunsa m'Chichewa motsata malamulo khumi, ine ndizinena funso lililonse m'Chiyao monga momwe liliri. Wodwala asayankhe ndi pakamwa. Ngati yankho ndi inde, afinye dzanja lawo. Ngati ndi ayi, asachite kanthu. Motero womasulira amadziwa mafunso okha, mayankho amapita kwa ansembe.

Anati mwamuna wa wodwala sayenera kukhala womasulira, akulola chifukwa palibe wina. Anandiuza kuti ndimufunse mkazi wanga ngati akuvomera. Ndinamufotokozera zonse. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi maso otupa aja, kenako anavomera.

Ansembe anawonjeza chinthu chimodzi. Anati mafunso onse ndi oyambira pamene analapa komaliza, pa Pasaka. Zimene analapa kale zinatha, sizifunsidwanso. Zimenezonso ndinamasulira.

Ndinatseka chitseko. Ndinakhala pansi moyang'ana khoma. Pakhomapo panali msomali umene ankapachikapo korona wake, ndi kanjira ka chiswe kokwera kudenga. Ndinayang'ana kanjirako.

Anayamba. Anafunsa ngati wasiya kupemphera mwadala. Anafunsa ngati wapita kukaombeza. Ndinkanena m'Chiyao, mawu anga akugunda khoma. Funso likatha pankakhala kachete, kenako funso lina. Sindinkamva kanthu koma kupuma kwake, kolemera ngati kwa munthu wokwera phiri ndi mtolo, ndi mawu a alamu panja akukamba za mphepo imene inawang'ambira khoka. Anafunsa ngati wajomba Misa popanda chifukwa. Ngati wanyoza makolo. Ngati wasungira munthu chidani.

Malamulowo ndinawaloweza ndili mwana. Ndinkadziwa limene linkabwera.

Ansembe anatsitsa mawu. Anafunsa ngati kuyambira Pasaka wachimwira ukwati wake, m'zochita kapena m'maganizo.

Sindinakonzekere. M'mawa umenewo, panjinga, padambo, pakhonde, sindinaganizepo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene funso la ansembe, n'kunena langa. Mawu anga sanasinthe. Ndinalinena monga ndinanenera enawo.

"Mwana uja ndi wa mwamuna wina?"

Kupuma kwake kunaima. Kenako kunayambiranso. Mphasa inalira pang'ono, mwina linali bondo la ansembe. Ndinatchera khutu mpaka m'mutu munayamba kulira. Dzanja likamafinya dzanja silimveka.

Sindinatembenuke. Si kuti ndinaopa Mulungu. Khosi linangouma.

Ansembe anadikira monga ankadikirira pa mafunso ena. Kenako anafunsa ngati watenga chinthu cha mwini. Ndinamasulira. Anafunsa za bodza ndi miseche. Ndinamasulira. Tinafika kumapeto. Ndili chiyang'anire khoma ndinazindikira chimene ndinachita. Ine ndinali ndi funso lopanda yankho. Ansembe anali ndi yankho, koma sankadziwa kuti ndi la funso liti.

Ananena mawu a chikhululukiro n'kundiuza kuti nditembenuke. Ndinawayang'ana kumaso. Inali nkhope ya munthu wotopa, thukuta pamphumi. Ndinayang'ana dzanja lawo lamanja. Panalibe choti ndione. Mkazi wanga anali atatseka maso.

Anatsegula kabotolo n'kumudzoza pamphumi ndi m'manja. Pamphumi potupapo chala chawo chinasiya kadzenje kamene kanachedwa kubwerera. Anamupatsa kachidutswa kakang'ono ka Ukaristia ndi madzi a m'supuni. Potuluka, alamu anafunsa ngati miyendo aidzoza. Ansembe anati mafutawo amafika okha.

Ndinayenera kubwerera nawo kukatenga njinga. Njira yonse ndinakhala kumbuyo kwawo nditawagwira m'chiuno. Dzanja lawo lamanja linali pa chiwongolero, pafupi ndi ine. Pamsewu waukulu tinakumana ndi ana a sukulu atakhala pansi m'mbali, timbendera tawo tapepala titanyowa.

Mkazi wanga anakhala masiku asanu ndi anayi. Lachisanu anafika. Masiku awiri oyamba anapezako bwino, anakhala tsonga, anadya nthochi, ndipo amayi a m'mudzi anayamba kunena kuti mafuta a Akhristu ali ndi mphamvu. Za funsolo sanatchule. Sanaonetse kukwiya. Ankalola kuti ndimutembenuze ndi kumumwetsa phala. Koma sanandiyang'anenso m'maso. Ankayang'ana pa batani la malaya anga. Akafuna madzi ankaitana mwana, ngakhale ine ndili pomwepo. Tsiku lina ndinayamba kunena za Lachitatu lija. Anati watopa.

Anamwalira masana, ine ndili ku boyila. Anabwera kudzandiuza ndi mmodzi wa achikulire aja. Ndinamaliza kuponya nkhuni zimene zinali m'manja, ndinatseka chitseko cha ng'anjo, ndinakauza akapitawo.

Tinamuika mwa Chikhristu. Abale ake anabwera, anaima chapatali. Sindinalire. Ndinkamva njala, ndipo ndinkachita manyazi kuti ndikumva njala.

Maliro atatha, mtsikanayo anakagona kwa agogo ake. Alamu anati adikira mpaka sadaka ya masiku makumi anayi. Pamenepo mbumba yonse idzakhala pansi, ine ndidzanene mawu anga.

Ndinkapita kuntchito n'kubwera. Lamulungu ndinkapita kutchalitchi n'kukhala kumbuyo. Kutatsala sabata imodzi kuti sadaka ichitike, ansembe achinyamata aja anabwera kunthambi kwathu kudzalapitsa anthu. Tchalitchi chathu chinalibe kachipinda kolapira. Ankaika mpando kuseri, pamthunzi wa khoma, ndi chiguduli chogwadira pambali. Anthu ankaima pamzere chapatali, poti sangamve. Ndinadikira onse athe.

Ndinagwada. Ndinanena kuti pa kulapa kwa mkazi wanga ndinasintha funso limodzi. Anafunsa kuti liti. Ndinati la ukwati. Anafunsa chimene ndinanena m'malo mwake. Ndinawauza, ndi za miyezi khumi ija zomwe.

Tsopano anali nazo zonse ziwiri, funso ndi yankho.

"Bambo, anafinya?"

"Za tsiku limenelo sindingakuuzeni kanthu, bambo. Ngakhale za funso loyamba, ngakhale za lomaliza."

Ndinati machimo ake sindikuwafuna, ndikufuna za mwana yekha. Ndinafotokoza za alamu, za sadaka, za madrasa. Ndinati asanene ndi pakamwa, angogwedeza mutu kapena kupukusa, palibe amene akuona. Mutu wawo sunasunthe. Anayang'ana kutsogolo, kumunda wa chinangwa wa agulupa. Ndinaona kuti akuyesetsa kuti nkhope isachite kanthu, mpaka mitsempha ya m'khosi inaonekera. Ndinati ndiye mwanayo akachoka mumpingo mlandu ukhala wawo. Anati mwina ukhaladi wawo. Anati sangathe.

Ndinafunsa ngati ndinaononga kulapa kwa mkazi wanga. Anati ayi. Munthu akalapa ndi mtima wonse, cholakwa cha womasulira sichimugwera. Anati amene anachimwa ndi womasulirayo, ndipo tchimolo si laling'ono. Anandifunsa ngati ndikumva chisoni.

Ndinafunafuna m'kati mwanga. Ndinati sindikumva kanthu.

Anafunsa ngati ndingachitenso. Ndinaganiza, n'kunena kuti ayi, chifukwa sizinathandize.

"Si chisoni chabwino chimenecho," anatero. "Koma tiyambire pomwepo."

Anandipatsa korona mmodzi woti ndikanene pamanda pake, n'kundipatsa chikhululukiro. Ndinakanena koronayo tsiku lomwelo, nditaima, dzuwa likuswa mtengo. Ndinamaliza n'kupita kwathu. Ndinali monga ndinaliri m'mawa.

Tsiku la sadaka anaphika mpunga ndi mbuzi. Ashehe anapemphera, anthu anadya. Ine ndinakhala kumapeto kwa mphasa ya amuna. Anthu anali ambiri kuposa pamaliro. Anabwera ndi a midzi ina, amene mkazi wanga sankacheza nawo. Nditadya, alamu anabwera kudzakhala pafupi nane ngati akufuna madzi osamba m'manja.

"Mukuwaona anthuwa, alamu? Sanabwerere mpunga," anatero chapansipansi. "Mudzi wonse ukudziwa kuti tsiku lija munali m'nyumba, ndipo womasulira munali inu. Akuti mlongo wanga anaulula zonse, inu munamva. Abwera kudzaona ngati mwanayo mumutenga."

Ndinati sindinamve kanthu, ndinali nditayang'ana khoma. Alamu anati iwo akukhulupirira, koma sangayende nyumba ndi nyumba kukafotokoza za khoma.

Ndinayang'ana kumene kunakhala amayi. Ambiri ankandiyang'ana, n'kuthawitsa maso. Mtsikanayo anali pakati pawo, pafupi ndi agogo ake, atameta mutu, akutola mbale. Zimenezi ndinali ndisanaziganize. Ndikanamusiya, aliyense pabwalopo akanapita kwawo ndi yankho. Akanati mkazi uja anavomera ali pamphasa, mwamuna anamva, n'chifukwa chake wataya mwana. Akanamuitana nazo mwanayo kuchitsime mpaka kukalamba. Ndipo yankholo likanakhala lochokera kwa ine, amene sindinamve kanthu.

Mbale zitachotsedwa, alamu anaimirira. Anathokoza ashehe ndi onse amene anabwera. Ananena za mwambo, kuti mwana ndi wa mbumba. Kenako anati mlamu wawo wa ku Ntcheu wakhala nawo zaka zambiri popanda mlandu, ndiye ampatsa mpata anene ngati ali ndi mawu.

Ndinaimirira. Ndinati akhala ndi ine.

"Sitinamve bwino kuno, alamu. Mawu anu anatsalira ku boyila. Akhala ndi inu ndani?"

Ena anaseka. Ndinadikira kuti athe.

"Mwana wanga. Akhala ndi ine, amalize kalasi yake."

Ndinanena m'Chiyao kuti ndi agogo omwe amve. Ndinakhala pansi. Sindinamve kupepuka, sindinamve kulemera. Alamu anati mbumba yamva, ndipo mwana azibwera kudzaona agogo ake. Amayi a midzi ina anayamba kumanga nsalu zawo kuti azipita. Ena ankaoneka ngati anthu amene ayenda ulendo wautali pachabe.

Madzulo ake mtsikanayo anabwera atasenza mphasa yake, zovala zili m'kati. Anaima pakhomo osalowa. Ndinamuuza kuti kuchipinda kwa mayi ake n'kosesa kale, agone kumeneko. Analowa, anayala, anatuluka. Anafunsa ngati aphike. Ndinati ufa uli m'ndowa, nkhuni ndabweretsa.